Kuchokera ku Linga Kukafika Kugombe: Kukonza Ulendo Woyamba wa ku Mizinda Yakale ya Miyala

Mawu oyamba

Munthu akasunga ndalama kwa zaka ziwiri kapena zitatu kuti akaone mizinda yakale yotchuka ndi luso la zomangamanga, funso loyamba limene amafunsa ndi la mtengo wa ulendo, ndipo lachiwiri ndi la malo ogona. Pali funso lachitatu limene ambiri salifunsa konse: ndiyambire kuti, nditsirizire kuti, ndipo anaika ndondomeko imene ndikufuna kutsatayi ndani? Nkhani ino ikukamba za funso lachitatuli. Mfundo yake ndi yakuti mizinda imene munthu wasankha kukaona, pamodzi ndi dongosolo limene akaionere, zimamuphunzitsa mbiri asanatsegule n'komwe buku lililonse. Wophunzira wa ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete amene akukonza ulendo wake woyamba ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa akhoza kubwerako ndi zithunzi zambiri za zitseko ndi malinga koma osazindikira kuti makolo ake anali m'kati mwa nkhani ya nyumba zimenezo.

Ndondomeko ya ulendo ili ndi mbiri yake

Chizolowezi choyenda mzinda ndi mzinda n'cholinga chongoona zinthu zakale ndi zaluso chinakula kwambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Anyamata a m'mabanja olemera a ku Mangalande ankatumizidwa pa ulendo wotchedwa Grand Tour, dzina limene linafala ndi buku la wansembe Richard Lassels lofotokoza dziko la Italy, losindikizidwa mu 1670. Mnyamata ankaoloka kupita ku France, n'kukhala ku Paris, kenaka n'kudutsa mapiri a Alps kulowa mu Italy, kumene ankaona Florence, Rome, Naples ndi Venice. Ulendowu unkatenga miyezi yambiri, nthawi zina zaka, ndipo mnyamatayo ankayenda ndi mphunzitsi womuuza choti aone ndi choti aganize akachiona. Njanji zitafala, Thomas Cook, amene anayamba kuyendetsa magulu a anthu mu 1841, anatsegulira njirayi anthu a chuma chapakati, ndipo mabuku olangiza alendo a Murray ndi a Baedeker analowa m'malo mwa mphunzitsi uja.

Njira imeneyi inkaphunzitsa nkhani imodzi: yakuti chitukuko chinayambira ku Greece ndi ku Rome, chinadzukanso ku Florence, ndipo wochilandira womaliza ndi mnyamata woyendayo. Iye ankabwerera kwawo akudziyesa mlowam'malo wa zonse anaonazo. Kukaona Rome si kulakwa. Komabe wophunzira wa kuno ali ndi mizinda ina yakale imene ili pafupi, yomangidwa ndi miyala, yokhala ndi luso lakelake, ndipo mbiri yake inalukana ndi ya dera lathu. Itatu mwa iyo ndi Kilwa Kisiwani ku Tanzania, Ilha de Moçambique ku Mozambique, ndi mzinda wakale wa Zanzibar. Bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'zaka za 1981, 1991 ndi 2000 motsatizana. Mabuku ambiri a alendo amafotokoza mizindayi monga inkaonekera kwa munthu wobwera pa chombo. Ife tingachite bwino kuifikira kuchokera kumtunda, kumene kunkachokera katundu amene anailemeretsa.

Poyambira: Nkhotakota

Pachifukwa chimenechi ulendowu uyenera kuyambira ku Nkhotakota, kumene eni ake amati ku Linga. Cha m'ma 1840 wamalonda wina wa Chiswahili, Salim bin Abdallah, anakhazikika kumeneko ndipo anatenga udindo wa Jumbe. Iye ndi amene anamulowa m'malo anasandutsa malowo doko lalikulu lotumizirapo minyanga ya njovu ndi akapolo kutsidya la nyanja pa zombo za matanga. Kuchokera kutsidyako, anthu ankayenda pansi kudutsa dziko la mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mataka, n'kuoloka mtsinje wa Ruvuma mpaka kukafika ku Kilwa. David Livingstone anafika ku Nkhotakota mu 1863 n'kukumana ndi Jumbe. M'buku lake la ulendo wa ku Zambezi analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Christopher Rigby, ankayerekeza kuti akapolo okwana 19,000 ochokera m'dera la nyanja yathuyi ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya Zanzibar chaka chilichonse. Chiwerengerochi chinali choyerekeza, ndipo chinachokera kwa anthu amene ankalimbana ndi malondawo, koma chimatipatsa chithunzi cha kukula kwake. Ulamuliro wa Ajumbe unathetsedwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1890.

Ku Nkhotakota kulibe nyumba zazikulu za miyala zoti mlendo n'kuzijambula. Kuli manda a Ajumbe, zotsala za mzikiti wakale, mtengo umene anthu amati Livingstone anakhala pansi pake, ndiponso minda ya mpunga, mbewu imene kulima kwake kunakula m'nthawi ya Ajumbe. Kuchepa kwa zooneka kumeneku ndi phunziro loyamba la ulendowu. Chuma chinkachokera kuno, koma nyumba zinamangidwa kwina. Munthu amene waima pa gombe la Linga n'kuyang'ana mapiri a kutsidya adzaona zitseko zosema za ku Zanzibar ndi maso ena. Tiyeneranso kukumbukira kuti malondawa sanali a alendo okha: mafumu ena a kuno anagulitsa anthu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti.

Kilwa: mzinda wa golide

Ngati titsata zaka, mzinda woyamba ndi Kilwa Kisiwani, kachilumba ka kumwera kwa gombe la Tanzania. Ulemerero wake unafika pachimake m'zaka za m'ma 1300, pamene mafumu ake ankalamulira malonda a golide wochokera ku dziko la Zimbabwe kudzera pa doko la Sofala. Umboni wa ubalewu ulipo: ndalama yamkuwa ya ku Kilwa, yokhala ndi dzina la Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, inapezeka pa mabwinja a Great Zimbabwe. Mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, anafika ku Kilwa mu 1331 m'nthawi ya mfumu yomweyi, ndipo anauyamikira mzindawo kuti unali umodzi mwa yokongola kwambiri imene anaiona.

Zinthu ziwiri zimene mlendo sayenera kuziphonya ndi Mzikiti Waukulu ndi nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa. Zonsezi zinamangidwa ndi miyala ya m'nyanja yamchere yomatidwa ndi laimu wootchedwa kuchokera ku miyala yomweyo. Mzikitiwu uli ndi mizati yambiri yonyamula denga la timadenga tozungulira, ndipo Husuni Kubwa, imene inamangidwa pamwamba pa phedi loyang'ana kunyanja, inali ndi zipinda zoposa 100, mabwalo osungiramo katundu wa malonda, ndi dziwe losambiramo la ngodya zisanu ndi zitatu. Pachilumba choyandikana cha Songo Mnara pali mabwinja a mzinda wa m'zaka za m'ma 1400, kumene munthu angathe kuyenda m'nyumba za anthu n'kuona mmene ankagawira zipinda.

Kwa nthawi yaitali olemba a m'nthawi ya atsamunda ankati nyumbazi zinamangidwa ndi Aluya kapena Aperezi, monganso ankanenera kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi alendo. Neville Chittick, amene anafukula ku Kilwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ankatsindikanso mbali ya alendo. Ofukula amene anabwera pambuyo pake, monga Mark Horton ndi Felix Chami, anaonetsa kuti mizinda ya Aswahili inakula kuchokera ku midzi ya asodzi, alimi ndi osula zitsulo a Chiafirika, amene analandira Chisilamu, kukwatirana ndi amalonda a kutsidya la nyanja, n'kupanga chikhalidwe chawochawo. Chiswahili ndi chilankhulo cha gulu limodzi ndi Chichewa.

Apwitikizi anasokoneza zonsezi. Vasco da Gama anakakamiza mfumu ya Kilwa kupereka msonkho wa golide mu 1502, ndipo golide ameneyo anasulidwa kukhala chiwiya chopatulika cha m'tchalitchi chotchedwa Custódia de Belém, chimene chinatha mu 1506 ndipo chimasungidwa ku Lisbon. Mu 1505 Francisco de Almeida analanda mzindawo. Kilwa inadzukanso m'zaka za m'ma 1700, koma ndi malonda ena: mu 1776 wamalonda wa Chifalansa, Morice, anapangana ndi mfumu ya kumeneko kuti azigula akapolo 1,000 pachaka. M'zaka za m'ma 1800 malondawa anasamukira kumtunda, ku Kilwa Kivinje, ndipo kumeneko n'kumene kunkathera njira ya ku Nkhotakota ija. Mlendo wa kwathu apatule tsiku lokaona Kivinje, ngakhale kuti nyumba zake zambiri n'zogumuka.

Ilha de Moçambique: mizinda iwiri pa chilumba chimodzi

Mzinda wachiwiri m'dongosolo la zaka ndi Ilha de Moçambique, chilumba chotalika makilomita atatu okha, chimene chinapereka dzina ku dziko lonse la Mozambique. Vasco da Gama atafika mu 1498 anapeza pali kale doko la amalonda a Chisilamu. Apwitikizi anachisandutsa popumira zombo zawo zopita ku India, ndipo chinakhala likulu lawo m'derali mpaka 1898, pamene likululo linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Kumpoto kwa chilumbachi kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kamene ambiri amakayesa nyumba yakale kwambiri yomangidwa ndi Azungu kumwera kwa dziko lapansi mwa zimene zikadalipo. Pafupi nako pali linga la São Sebastião, limene linayamba kumangidwa mu 1558 ndipo linapirira nkhondo za Adatchi mu 1607 ndi 1608. Palinso nyumba ya São Paulo, imene inayamba ngati sukulu ya ansembe a Chijezuiti, n'kudzakhala nyumba ya bwanamkubwa, ndipo tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mlakatuli wa Chipwitikizi, Luís de Camões, anakhalako pachilumbachi kumapeto kwa zaka za m'ma 1560.

Ubale wa chilumbachi ndi ife ndi wakale kuposa wa Zanzibar. M'zaka za m'ma 1600 minyanga ya m'dziko la Amaravi inkafika kugombe loyang'anizana ndi chilumbachi, ndipo wansembe Manuel Barreto analemba mu 1667 kuti mphamvu za Kalonga zinkamveka mpaka kufupi ndi gombelo. M'zaka za m'ma 1700 amalonda a Chiyao ndiwo ankabweretsa minyanga yambiri, mpaka pamene anayamba kupatukira ku Kilwa, kumene ankapeza malonda abwinopo. Akapolo nawonso ankatumizidwa kuchokera pano kupita ku zilumba za Afalansa ndi ku Brazil. Chombo cha São José chinanyamuka pa chilumbachi mu Disembala 1794 chitanyamula akapolo oposa 400, ndipo chinasweka pa matanthwe a ku Cape Town pa 27 Disembala chaka chomwecho. Ambiri anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa konko. Mu 2015 ofufuza analengeza kuti zotsala za chombochi zazindikirika.

Chofunika kuchiona pa chilumbachi ndi malire a pakati pa mizinda yake iwiri. Kumpoto kuli mzinda wa miyala ndi laimu. Kumwera kuli Macuti, dzina lochokera ku masamba a mgwalangwa ofolerera nyumba, ndipo n'kumene kumakhala anthu ambiri a pachilumbachi. Mbali zina za Macuti zili pansi kuposa msewu, chifukwa nyumba zake zinamangidwa m'maenje amene munkakumbidwa miyala yomangira mzinda wa kumpoto. Mlendo amene angoyenda m'mbali ya miyala yokha waona theka la mbiri ya malowo.

Zanzibar: zitseko ndi msika

Zanzibar ndi mzinda wa m'zaka za m'ma 1800. Seyyid Said, mfumu ya Oman, anasamutsira likulu lake kumeneko kuchokera ku Muscat cha m'ma 1840, ndipo chuma cha chilumbachi chinakhazikika pa zinthu zitatu: minyanga, akapolo, ndi minda ya zonunkhira zotchedwa karafuu m'Chiswahili, imene inkalimidwa ndi akapolo omwewo. Amalonda a ku India ndiwo ankakongoza katundu kwa atsogoleri a maulendo opita kumtunda, monga Tippu Tip, amene nyumba yake ikadalipo mumzindawo. Ndi chuma chimenechi anamangira nyumba zazitali za m'tinjira topapatiza, makonde a matabwa ndi zitseko zosema zimene Zanzibar imatchuka nazo. Zitseko zakale zili ndi mutu wowongoka, pamene zina za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zili ndi mutu wokhota ndi misomali ikuluikulu yamkuwa, motsata luso la ku India. Nyumba ya Beit al-Ajaib, imene Sultan Barghash anamanga mu 1883, inagumuka mbali ina mu Disembala 2020, chikumbutso chakuti kuikidwa pa mndandanda wa UNESCO sikuletsa mvula ndi mchere kudya makoma.

Msika wa akapolo wa ku Mkunazini unatsekedwa mu 1873 Barghash atasaina pangano ndi Britain, ngakhale kuti ukapolo weniweniwo unapitirira pachilumbachi mpaka lamulo la mu 1897. Pamalo a msikawo amishoni a UMCA, motsogozedwa ndi Edward Steere, anamangapo tchalitchi chachikulu cha Christ Church. M'kati mwake muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene mtima wa Livingstone unakwiriridwa pansi pake mu 1873. Mishoni yomweyi inakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo ena mwa amene anaomboledwa ku ukapolo n'kuphunzitsidwa ku Zanzibar anabwerera kunyanja ngati aphunzitsi. Choncho njira ija inayendedwa mbali zonse ziwiri.

Pali ngozi ziwiri kwa mlendo wa ku Zanzibar. Yoyamba ndi kukopeka ndi kukongola n'kuiwala mtengo wake. Yachiwiri ndi kungopita kukalira pa msika n'kukana kuona luso la amisiri amene anasema zitseko zija, kapena kumva nyimbo za taarab zimene Siti binti Saad, mayi wochokera m'banja losauka la kumudzi, anazitchukitsa atajambula mbale zake ku Bombay mu 1928. Mbadwa za anthu otengedwa kumtunda zinalowa m'chikhalidwe cha Chiswahili n'kuthandiza kuchiumba. Wophunzira mbiri ayenera kunyamula zonse ziwiri.

Kukonza ulendo weniweni

Mapu sagwirizana ndi dongosolo la zaka limene tatsatali. Kilwa ndi Zanzibar zimafikirika pa ulendo umodzi: munthu angadutse pa chipata cha Songwe kupita ku Mbeya, n'kukwera basi kapena sitima ya TAZARA mpaka ku Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko Kilwa Masoko ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kumwera, ndipo kuti munthu aoloke kupita ku Kisiwani amayenera kutenga chilolezo ku ofesi yoyang'anira malo akale. Zanzibar ili pa ulendo wa maola pafupifupi awiri pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Dar es Salaam. Ilha de Moçambique ili pa njira ina, yodzera ku Cuamba ndi ku Nampula, kenaka makilomita pafupifupi 180 mpaka pa mlatho wautali makilomita oposa atatu wolowera pachilumbapo. Kulumikiza njira ziwirizi podzera m'mbali mwa gombe kumafuna kudutsa chigawo cha Cabo Delgado, kumene nkhondo inabuka mu 2017. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa: ndi bwino kugawa ulendowu pawiri, n'kuyamba ndi Nkhotakota, Kilwa ndi Zanzibar, chifukwa imeneyi ndi njira imodzi ya mbiri imodzi.

Nyengo nayonso ili ndi phunziro. Zombo zakale zinkabwera ndi mphepo ya kaskazi yochokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha mu Novembala, n'kubwerera ndi mphepo ya kusi kuyambira cha mu Epulo. Amalonda ankakakamizika kudikira miyezi ingapo kugombe, ndipo kudikira kumeneku n'kumene kunabala maukwati, mizikiti ndi mizinda. Kwa mlendo wa lero, mvula yaikulu pa gombe la Tanzania imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, choncho miyezi ya Juni mpaka Okutobala ndi yabwino kuyenda. Anthu ambiri a m'mizindayi ndi Asilamu. Mlendo avale modzilemekeza, apemphe asanajambule munthu, ndipo adziwe kuti m'mwezi wa Ramadan malo ena odyera amatsekedwa masana. Mzinda uliwonse aupatse masiku osachepera atatu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Awerengeretu asananyamuke, makamaka ntchito ya Edward Alpers ya mu 1975 yonena za minyanga ndi akapolo m'dera lino, ndipo akafika amvetsere owongolera alendo a komweko, n'kumayerekeza zimene akumva ndi zimene anawerenga.

Mawu omaliza

Amene adzakhale ndi mwayi wa ulendo wachitatu adzapitirire kumpoto mpaka ku Mombasa. Kufupi ndi kumeneko, pa mishoni ya ku Rabai, mmishonale wa Chijeremani Johannes Rebmann anakumana mu 1853 ndi kapolo wina dzina lake Salimini, amene anagwidwa m'dera limene lero ndi chigawo chapakati cha Malawi. Kuchokera pakamwa pa munthu ameneyu Rebmann analemba mawu a chilankhulo chimene anachitcha Kiniassa, ndipo ntchitoyo inasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Imeneyi ndi dikishonale yoyamba ya chilankhulo chimene nkhani ino yalembedwamo, ndipo inalembedwa kugombe, kutali ndi kwawo kwa mwini mawuwo. Salimini anaona mizinda ya kugombe asanaisankhe, ndipo ulendo wake anamukonzera ndi amene anamugulitsa. Wophunzira wa lero, amene ali ndi chiphaso m'thumba ndi ufulu wosankha tsiku lobwerera, ayambire ulendo wake pa gombe la Linga.